Masamba Atatu a M'buku la Bambo

9 Febuluwale

Achemwali,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga Bambo, maso aja akuonako pang'ono kapena zikunka ziipiraipira? Ife kuno tilipo. Mlamu wanu ndi woyembekezera, mlendo afika cha mu Ogasiti.

Ndili ndi nkhani ina yabwino. Mu Julayi kampani ya madoko ikukwanitsa zaka zana limodzi, ndiye abwana aganiza zotsegula nyumba ya mbiri mu shedi yakale ija ya pafupi ndi geti. Muikidwa zinthu zakale za madoko onse a m'gombe muno, kuti ana a sukulu ndi alendo aziona mmene malonda ankayendera. Ine andichotsa pa desiki ya makalata a katundu, andipatsa ntchito yosonkhanitsa zinthuzo. Ndapeza kale nangula wa chombo cha matanga, sikelo yoyezera khonje, belu la ku doko la mchere, ndi botolo lodzaza mikanda imene anaifukula pokumba maziko. Koma za doko lathu ndilibe ngakhale msomali. Zikundichititsa manyazi, poti lathulo ndiye linali lalikulu madoko enawa asanatchuke.

Ndiye ndakumbukira buku lija la Bambo, lokutidwa ndi nsalu ya thanga. Mundipemphereko. Ndikungobwereka, chionetsero chikakhazikika ndidzabwera nalo ndekha. Muwauze kuti dzina lawo lidzakhala pakhoma, aliyense wolowa adzaliwerenga.

Ndine mlongo wanu.

23 Febuluwale

A Kalaliki,

Kani uli moyo? Miyezi isanu uli zii, ndimayesa inki inatha kumeneko. Ife tilipo. Alamu ako ali pamsewu ndi lole ya mchere monga mwa masiku onse, ana akudya ngati dzombe. Za mlendoyo takondwa, mlamu wanga asamanyamule zolemera. Bambo maso atheratu, amangosiyanitsa chitseko ndi khoma. Mankhwala odontheza aja anatha ndipo kuno sakupezeka, utitumizire.

Kalata yako ndawawerengera katatu. Pa mawu oti dzina lawo lidzakhala pakhoma anandiimitsa, n'kuyang'ana kumbali, ati m'maso mwalowa kachitsotso. Ndiye iwe, popeza unali ndi zaka zinayi zokha pamene zinkachitika, ndikuuze chimene ukupemphachi, usaliyese buku la zithunzi.

Bambo ntchito yawo inali yolondolera sitima polowa padoko. Mpata wolowera padoko lathu ndi wopapatiza ndipo mchenga wake suchedwa kusuntha. Ndiye m'mawa uliwonse ankapalasa kabwato n'kumaponya chingwe cha mtovu kuyeza kuya kwa madzi, n'kulemba m'bukumo: apa mikwamba isanu, apa inayi. Zaka makumi awiri ndi ziwiri osajomba, ngakhale tsiku limene unabadwa iwe. Mayi anawakwiyira sabata yonse.

Chaka chomalizacho mchenga unadzaza pakhosi pa mpata. Bambo analemba katatu kuti sitima yaikulu yodzaza katundu singadutse mpaka atabwera makina okumba. Ndipo anali ndi kachitidwe kawo: chenjezo lililonse ankapita nalo ku ofesi kuti bwana wa doko, a Chisoti aja, asaine pansi pake. Anasaina katatu konse. Itabwera sitima ya simenti Bambo anakana kuilowetsa. A Chisoti anawaitanira mu ofesi, n'kutseka chitseko, n'kuwalamula. Sitimayo inakakhala pamchenga, inathyoka msana, n'kutseka mpata miyezi isanu ndi itatu.

Ine ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo a Chisoti atabwera kwathu amene anawapatsa mpando ndine. Anavula chisoti chawocho, misozi ili lengelenge, akuti bukulo likaoneka boma lilanda kampani chilolezo, amuna mazana atatu ntchito iwathera. Bambo anabisa buku, n'kusenza mlandu. Anawachotsa ntchito. Patatha zaka ziwiri kampani inasamukira kwanuko, amuna aja ntchito inawatherabe, ndipo mpaka lero tauni yonse imati anapha doko ndi Bambo. Dzina loti a Mchenga ukulidziwa, unamenyana chifukwa cha ilo kusukulu, mano ako awiri anatsala pabwalo.

Akuti akupatsa. Ine sindinafune, koma buku si langa.

Mlongo wako wamkulu.

2 Malichi

Mwana wanga,

Akulemba ndi mlongo wako, koma mawu ndi anga, ndipo ndamuuza asathiremo tsabola wake.

Buku ndi limenelo, alamu ako akupatsa pamanja. Usaliike padzuwa, usanyowetse chala potsegula. M'masamba oyambirira ndinajambulamo zombo za matanga zimene ndinazipeza ndili wamng'ono. Agogo ako anabwera pa chimodzi mwa izo. Zinkafika ndi mphepo ya kumpoto zitasenza nsalu, mbale ndi mikanda, n'kukhala pano miyezi inayi kudikira kuti mphepo itembenuke, n'kubwerera ndi mitengo, phula ndi zikopa. Masiku amenewo pamsewu wa kudoko unkamva zilankhulo zisanu usanafike pasikelo. Anthu ako akafuna kudziwa, uwauze kuti doko la mchere ndi doko la matabwa anali ana a doko lathu, katundu wawo ankadzakwerera pano.

Ukaona timadontho ta mafuta m'mphepete mwa masamba usapukute. Kunsi kwa mtovu ndinkamatako mafuta a ng'ombe, ndiye ndikakoka chingwe ankabwera ndi za pansi pa nyanja. Akabwera ndi matope, njira ili bwino. Akabwera ndi mchenga woyera, ndiye kuti mpata wayamba kutsekeka.

Koma chimene ndikukutumizira si zithunzizo. Chakumapeto kuli masamba atatu amene ndinawamanga ulusi wofiira. Ndikudziwa kuti bwana wako ndi mwana wa a Chisoti. Bambo ake anatisiya, sindikufuna kuwafukula. Usamuchititse manyazi, umuonetse muli awiri. Ndi munthu wophunzira, aona yekha. Sindikupempha kanthu, ngakhale penshoni. Ndikungofuna mzere umodzi pakhomapo, woti wolondolera sitima uja anachenjeza. Anzanga amene ankandilavulira malovu atsala asanu ndi mmodzi. Ndikufuna amve asanathe, kapena ndisanathe ine.

Ndinakhala chete chifukwa cha ana a anzanga. Lero ndili ndi mwana wangawanga mkati mwa ofesi.

Bambo ako.

19 Malichi

Bambo ndi Achemwali,

Moni nonse. Buku lafika bwino, ndipo mankhwala ndapatsira alamu, mabotolo awiri. Zithunzi za zombo zija zadabwitsa ofesi yonse, anzanga akuti m'gombe lonse lino mulibe buku lina lotere. Zimene Bambo ananena za mphepo ndi za madoko ang'onoang'ono ndazilemba kale pa mapu aakulu amene tikupachika.

Abwana nawo aliona.

Zina tidzakamba, pano ntchito yandipanikiza. Akalipentala akuchedwetsa mabokosi agalasi ndipo denga la shedi likudontha pomwe taika nangula. Bambo asade nkhawa, buku lili pabwino, m'kabati yokhoma.

Ndine mwana ndi mlongo wanu.

14 Meyi

A Kalaliki,

Ife tili bwino, kaya inu a m'makabati okhoma. Mankhwala anafika, zikomo, ngakhale akungochepetsa kuyabwa.

"Abwana nawo aliona." Ndiye anati chiyani? Mawu atatu amenewa Bambo akhala akuwatafuna miyezi iwiri. Lero akuti mwina munthuyo wagwidwa manyazi, mawa akuti mwina akufunsa maloya. Iwe kulemba mzere umodzi wokha kukukanika pati? Pepala lakwera mtengo?

Ndikuuze zimene wayambitsa. Munthu amene zaka makumi atatu ankadzera kuseri kwa msika kuopa maso a anthu, pano akufuna ndiziwaperekeza kwa ometa Loweruka lililonse. Tsitsi lake liti, mutu uli ngati dzira. Nkhani ndi benchi ya panja paja, pamene pamakhala madala a padoko kuyang'ana mashedi opanda madenga ndi mbuzi zikudya udzu pamene pankaima sitima. Sabata yatha a Kireni, aja ankayendetsa makina onyamula katundu, anayamba mwano wawo uja: "A Mchenga, madzi ndi akuya bwanji lero?" Bambo anangoseka n'kuti, "Mu Julayi mukawerenge pakhoma ku doko latsopano. Amene sadziwa kuwerenga ndimupezera womuwerengera." Ine mtima unali m'mwamba, poti sindikudziwa chimene chidzakhale pakhomapo.

Atulutsa jekete lawo la ntchito, lija la mabatani achitsulo. Ndalichapa, ndipo telala walibweza m'chiuno poti anaonda. Utiuze tsiku lotsegulira ndi basi yoti tikwere.

Mlongo wako wamkulu.

20 Juni

Achemwali,

Pepani ndachedwa kuyankha. Mlamu wanu miyendo yatupa, ndikungothamanga pakati pa chipatala ndi shedi. Chosangalatsa n'chakuti andikweza, tsopano ndine woyang'anira nyumba ya mbiri, ndipo atipatsa nyumba ya kampani ya zipinda zitatu. Mwana adzafikira pabwino.

Za tsiku lotsegulira, ine ndikuona kuti Bambo asavutike. Mipando ndi yowerengeka, ya akuluakulu okhaokha, zolankhula zidzatalika, padzuwa, ndipo msewu mukuudziwa nokha. Zinthu zikadzakhazikika ndidzabwera ndidzawafotokozere zonse bwinobwino. Zina sizikhala bwino pakalata. Muwauzenso asamalankhule kwambiri kwa ometa kuja, anthu amakuza nkhani. Buku lili pamalo aulemu, pakati penipeni pa chipinda.

Ndine mlongo wanu.

12 Julayi

Abwana Oyang'anira,

Tamva, mwakwera. Tikuthokoza. Mlamu wanga aziika miyendo pampando.

Tsiku lotsegulira tinalidziwira pawailesi, poti mlongo wathu sanathe kutiuza. Bambo anasamba m'mamawa, anavala jekete lija, mabatani onse mpaka pakhosi, n'kukhala pakhonde wailesi ili pamwendo. Kutentha konse kuja anakana kuvula. Tinamva nyimbo, tinamva nduna, tinamva bwana wako akutamanda bambo ake kuti anali tate wa madoko. Bambo anati, "Mwana aliyense amatero, dikira." Tinadikira mpaka anayamba za mpira.

Atazimitsa wailesi anakuikira kumbuyo okha, ati zinthu zotere sanena pawailesi, amalemba. Anandifunsa ngati m'kalata yako munali mawu oti pakhoma palembedwa chiyani. Ndinati munalibe. Anati, "Akufuna adzandidzidzimutse, mwana uja kuyambira kale ndi wa zinsinsi."

Ine zinsinsi zakozo zayamba kundinunkhira. Lemba.

Mlongo wako wamkulu.

29 Julayi

Iwe,

Moni ndilibe lero.

Alamu ako anatsitsa mchere kumeneko Lachinayi, ndipo m'malo mopumula m'lole anagula tikiti n'kulowa m'nyumba yako ya mbiri. Atafunsa za iwe, anawauza kuti uli kumsonkhano. Buku analiona, lili m'bokosi lagalasi, lotsegulidwa pa chithunzi cha chombo. Pakhoma pambali pake pali chikwangwani, ndipo anakopera mawu ake kuseri kwa pepala la katundu, chilembo ndi chilembo. Ndikukopera nawenso, mwina sunawaonepo:

"Doko lakale linatha pamene wolondolera sitima, mwa kulakwitsa kwake, anakhazika sitima ya simenti pamchenga. Buku lakeli laperekedwa ngati mphatso ndi banja lake."

Pamwamba pake dzina la Bambo, lonse, m'zilembo zazikulu. Sunaname, lili pakhoma. Ana a sukulu anali pamzere akulikopera m'makope.

Mphatso? Banja lake liti? Ine sindinapereke mphatso. Bambo anabwereketsa. Ndipo alamu ako akuti anazungulira bokosilo kawiri, anagwada n'kusuzumira m'mbali mwa buku, ulusi wofiira sanauone.

Kale anthu ankangonena pakamwa, ndipo onenawo amatha mmodzimmodzi. Tsopano zalembedwa pakhoma, buku lawo lomwe lili pambali ngati mboni yowatsutsa. Ndakwiya, mlongo wanga, ndakwiya moti ndikulemba ndili chilili. Mayi atamwalira anakulera ndine. Ndinasiya sukulu kuti iwe upitirize, ndinkati pakhomo pano pakhale mmodzi wodziwa kulemba zomveka ku maofesi. Kulemba kwake kunali kumeneku?

Bambo sindinawauze. Alamu ako anawanamiza kuti anapeza potseka, ndipo chibwerereni sakutha kudya nawo pamodzi. Undiyankhe msanga. Analemba mawuwa ndani, ndipo masamba atatu aja ali kuti?

Mlongo wako wamkulu.

11 Ogasiti

Achemwali,

Mwana anabadwa Lolemba, wamwamuna, onse awiri ali bwino. Ndimafuna kalatayi ikhale ya zimenezo zokha.

Mwafunsa mafunso awiri. Mawu a pachikwangwani ndinalemba ndine. Ndinawatenga mu lipoti lakale la kampani.

Za masamba, ndinachita monga Bambo ananenera. Ndinadikira anthu atuluke, ndinatseka chitseko, ndinatsegula pa ulusi wofiira. Abwana anawerenga onse atatu, anayang'anitsitsa siginecha ya bambo awo, nkhope inagwa. Ndinkati apepesa. Anandifunsa kuti wina waona ndani. Ndinati palibe. Kenaka anandiuza kuti chithunzi cha bambo awo chikhala pakhomo polowera, kuti nduna ikubwera, kuti kampani ikupempha chilolezo chokulitsa doko, ndipo ikamveka nkhani yoti inanamizapo boma, ntchito za anthu zikwi ziwiri zili pachiswe. Anatulutsa lezala m'dirowa. Achemwali, buku ndinagwira ndine kuti lisasunthe. Masambawo anawapinda n'kuwaika m'thumba, sindinawaonenso. Pepala la mphatso ndinasaina mawa lake.

Ndikanatani? Mkazi ali ndi pakati, tili m'kachipinda kamodzi ka lendi, madzi okatunga kwa aneba. Ndikanakana, masambawo akanachotsabe, ine n'kukhala pamsewu. Bambo nawonso anakhala chete chifukwa cha ana a anthu. Ine ndachita chimodzimodzi, kusiyana kwake n'kotani? Doko lathu linafa kale, silidzukanso. Madala a pabenchi aja sadzafika kuno.

Chonde musawauze. Saona, sadzadziwa. Muwauze kuti palembedwa zimene ankafuna, akhale ndi mtendere masiku awo otsalawa. Sindikugona tulo, musayese kuti ndikusangalala. Mwanayu ndikufuna ndimutche dzina lawo. Mundipemphere chilolezo.

Ndine mlongo wanu.

20 Ogasiti

Mlongo wanga,

Mwana tamulandira, alibe mlandu. Mlamu wanga umupatse moni, ndamusokera mwanayo timalaya tiwiri.

Wafunsa kusiyana kwake. Bambo anapereka dzina lawo, iwe wapereka la mwini, mwiniwake atakupatsira m'manja kuti ukalitsuke. Ngati kusukulu sanakuphunzitse zimenezo, ine sindingathe.

Kalata yako inafika Bambo ali pakhonde, ndipo anamva belu la njinga ya wa positi. Ndinawawerengera za mwana, anaomba m'manja, n'kufunsa ngati ali ndi mphuno ya kwathu. Kenaka ndinapinda pepala. Anati, "Pitiriza." Ndinati yathera pomwepo. Anati, "Mapepala awiri ndawamva ine. Mwana mmodzi sadzaza mapepala awiri." Ndinati zinazo ndi za kuntchito. Anati, "Iwe sunandinamizepo, usayambe ndi imvi." Ndinathawira kukhitchini n'kukalirira pa mbale zakuda.

Wandipempha ndiwanamize. Sindichita. Koma kuwauza ndi pakamwa panga sindichitanso. Katundu ameneyu si wanga, zako ndasenza zokwanira.

Dzulo Bambo anapita okha kwa ometa, ndi ndodo, osandiuza. Anabwerako atapangana ndi a Kireni kuti apitire limodzi kumeneko, a Kireni akamve okha n'kudzauza anzawo pabenchi. Ndayesa kuwaletsa. Ndanena za msewu, za dzuwa, zonse zija unandiphunzitsa. Akuti anadikira zaka makumi atatu, maola asanu ndi awiri a m'basi si kanthu. Za dzina la mwana akuti akayankha komweko, akatuluka m'nyumba ya mbirimo.

Tifika Loweruka ndi basi ya masana. Usatichingamire kudepoti, tikupeza kuntchito, ndipo usakhale kumsonkhano. A Kireni sadziwa kuwerenga. Ine ndawauza kale Bambo kuti tsiku limenelo sinditsegula pakamwa, ndipo avomera, ati si ntchito yanga. Akuti akaima patsogolo pa khomalo, iwe kudzanja lawo lamanja, uwawerengere mokweza ndi pang'onopang'ono, kuti a Kireni amve liwu lililonse.

Mlongo wako wamkulu.